Kuumitsa, kupaka mankhwala kapena kudula: mlongo wanga akukana mpeni pa khansa ya pakhutu

Mayi a Tadala, Chibavi

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsamo kale, komanso kwa inu a zachipatala amene muli pagulu pano. Mlongo wanga wamng'ono ndi wachialubino, ndipo amakhala kumudzi cha ku Ekwendeni kumene amalima chimanga ndi soya. Kwa miyezi ingapo wakhala ndi kachilonda pamwamba pa khutu lakumanja kamene kamachita nkhanambo, nkhanamboyo n'kuchoka, magazi n'kutuluka pang'ono, kenako n'kuyambiranso. Pamikono ndi kuseri kwa khosi alinso ndi timawanga tokhakhala tambiri. Kuchipatala anadula kachidutswa ka pakhutupo kuti akayeze, ndipo zotsatira zabwera zoti ndi khansa ya pakhungu yotchedwa squamous cell carcinoma, koma akuti ikadali yaing'ono ndipo anabere a m'khosi sanatupe. Adokotala akufuna kudula pakhutupo, pamene timawanga ta pamikono akuti atiumitsa ndi mankhwala ozizira aja. Mlongo wangayo akukanitsitsa mpeni, ndipo akufunsa kuti ngati mankhwala ozizirawo akutha ntchito pamkono, alephera bwanji pakhutu. Ine ndasowa chomuyankha, chifukwa kwa ine funso lakelo likumveka lanzeru.

Bambo a Yamikani, Luwinga

Mayi a Tadala, pepani ndi matendawa. Inenso ndine wachialubino, ndipo njira ziwiri zonsezo thupi langali likuzidziwa. Kuumitsa kumabaya ngati moto kwa kanthawi kochepa, pambuyo pake pamatupa thuza, thuzalo limauma, ndipo pakatha sabata imodzi kapena awiri nkhanambo imagwa yokha n'kusiya khungu losalala. Pa timawanga tokhakhala ndi njira yabwino kwambiri, ndipo munthu umabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Koma kachotupa kamene kanandituluka kuseri kwa khosi, kolimba ukakagwira, anachita kudula. Ndinkaopa ngati mmene akuopera mlongo wanuyo, koma anangondibaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, ndinali maso n'kumacheza ndi anamwino mpaka kumaliza kusoka. Muuzeni kuti sadzamugoneka tulo, chifukwa ambiri a ife chimene timaopa kwenikweni n'chimenecho.

Adokotala a za khungu, Katoto

Funso la mlongo wanu ndi lanzerudi, Mayi a Tadala, ndipo yankho lake lagona pa kuzama kwa matendawo. Timawanga tokhakhala timene ali nato pamikono ife timati actinic keratosis. Ndi khungu lopsa ndi dzuwa limene maselo ake ayamba kusokonekera, koma akadali pakagawo kapamwamba penipeni, kamene kuchindikala kwake sikufika ngakhale milimita imodzi. Nayitrojeni wamadzi amene timaumitsira amazizira mpaka madigiri 196 kunsi kwa ziro, ndipo amapha kagawo kapamwambako mosavuta. Chilonda cha pakhutu n'chosiyana, chifukwa dzina lakuti squamous cell carcinoma likutanthauza kuti maselo oipawo aboola kale malire a kagawo kapamwamba aja n'kulowa mkati mmene muli timitsempha ta magazi ndi njira zopita ku anabere.

Tikaumitsa chilonda chotere, pamwamba pamapola bwino ndithu, wodwala n'kusangalala, koma palibe amene angatsimikize kuti kuzizira kunafika pansi penipeni, popeza palibe chimene chatsala m'manja mwathu choti tikayeze. Tikadula, timachotsa chotupacho pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, mamilimita 4 mpaka 6 ngati khansayo ili pamalo osaopsa, ndipo kuposa pamenepo ngati ili pamalo oopsa. Chidutswa chonsecho chimapita ku labotale, ndipo katswiri amayang'ana m'mphepete mwake ndi pansi pake pa maikulosikopu kuti aone ngati khansa yonse yatuluka. Phindu lalikulu la mpeni ndi limenelo: umachiza, komanso umasiya umboni woti wachizadi.

Ndionjezere kuti khutu ndi mlomo ndi malo awiri amene khansa ya mtundu umenewu imakonda kufalikira msanga kuyerekeza ndi pamkono kapena pamsana. Pakhutu khungu n'lopyapyala ndipo pansi pake pali kafupa kofewa kaja, choncho khansa siyenda mtunda wautali isanakafike. Ikakhala yaing'ono, timadula kachidutswa kooneka ngati chilembo cha V m'mphepete mwa khutu n'kulumikiza mbali ziwirizo, ndipo khutu limangochepa pang'ono. Ikakula, nthawi zina khutu lonse limachoka.

Aphunzitsi, Zolozolo

Ndikulemekeza zimene adokotala afotokoza, koma ndilankhuleko mbali imene anthu ambiri kumudzi ali nayo, ndipo ine ndemwe sindinaitaye kwathunthu. Amalume anga anali ndi chilonda pamwendo pamalo pamene anapsa ndi moto ali mwana. Anakhala nacho zaka zambiri akuyenda bwinobwino, koma atangochitidwa opaleshoni sipanathe chaka, anatisiya. Kwathu aliyense ananena kuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imakwiya n'kubalalika thupi lonse. Kuonjezera apo, mphwanga amene ali ku Johannesburg anandiuza kuti bwana wake anachira khansa ya pakhungu ndi mankhwala opaka okha, popanda kudulidwa paliponse. Ngati mankhwala oterowo alipo, n'chifukwa chiyani ife kuno timathamangira kudula? Kodi si chifukwa choti mankhwalawo ndi odula mtengo, ndiye tikupatsidwa njira ya anthu osauka?

Anamwino opuma ntchito, Chiputula

Aphunzitsi, pepani ndi za malume anu. Chilonda chimene chimatuluka pachipsera chakale cha moto n'kukana kupola ndachiona kambirimbiri m'mawodi, ndipo madokotala amachitcha Marjolin ulcer. Kawirikawiri imakhala squamous cell carcinoma yomweyi, koma yaukali kuposa ya dzuwa. Mwanena nokha kuti anakhala nacho zaka zambiri. M'zaka zimenezo khansa imakhala ikuyenda mwakachetechete kupita ku anabere a m'mphechepeche, ndipo munthu amafika kuchipatala pamene ululu ndi fungo zamukakamiza. Opaleshoni imachitika mochedwa, munthu amamwalira, ndipo mudzi umakumbukira mpeni chifukwa ndi umene unabwera komalizira, n'kuiwala zaka zimene chilonda chinamangidwa nsanza. Chikhulupiriro chimenechi chimadzidyetsa chokha, chifukwa chikachedwetsa wodwala wina, imfa yake imakhalanso umboni wake.

Mlongo wa Mayi a Tadala ndi mlimi, ndiye amuuze za kapinga. Ukasenga pamwamba m'munda mumaoneka moyera, koma mvula ikangogwa amaphukanso kuchokera ku mizu imene inatsala, ndipo mlimi aliyense amadziwa kuti kapinga amafuna kukumba.

Adokotala a za khungu, Katoto

Aphunzitsi, funso lanu la mankhwala opaka ndiliyankhe mwatsatanetsatane, chifukwa limabwera kawirikawiri. Mankhwalawo alipodi, ndipo odziwika kwambiri ndi awiri. Oyamba ndi 5-fluorouracil, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Efudix, ndipo amapha maselo amene akuchulukana mofulumira. Pa timawanga tokhakhala amapakidwa kawirikawiri kawiri pa tsiku kwa masabata awiri mpaka anayi. Achiwiri ndi imiquimod, amene amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi maselo oipawo pamalo pamene apakidwa. Pa khansa ina yotchedwa basal cell carcinoma, ikakhala ya mtundu wongoyala pamwamba, imiquimod amapakidwa masiku asanu pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi.

N'kutheka kwambiri kuti bwana wa mphwanuyo anali ndi basal cell carcinoma yapamwamba, imene ndi yofala pakati pa azungu, imakula pang'onopang'ono, ndipo kufalikira kwake m'thupi n'kwa apo ndi apo zedi. N'kuthekanso kuti anali ndi Bowen's disease, imene ndi squamous cell yomwe sinaboole malire aja. Pa matenda awiriwa mankhwala opaka ndi ololedwa. Komabe ngakhale pamenepo mpeni umapambana. Kafukufuku wa ku Britain amene zotsatira zake zinatuluka mu 2014 anayerekeza imiquimod ndi kudula pa basal cell carcinoma ya pamalo osaopsa, ndipo patatha zaka zitatu, anthu 84 pa 100 alionse opaka mankhwala anali atachira, pamene mwa odulidwa anali 98. Choncho kudula si njira ya anthu osauka. Ku London kapena ku Johannesburg komweko, munthu wa squamous cell carcinoma yolowa mkati pakhutu amadulidwa ngakhale ali ndi ndalama zotani.

Bambo a Yamikani, Luwinga

Pa za Efudix ndichitire umboni, kuti wina asaganize kuti ndi njira yofewa. Ndinapakapo pamikono yonse iwiri, ndipo sabata yachiwiri khungu linafiira, linatupa, n'kuyamba kuchucha, moti anthu kutchalitchi ankandifunsa ngati ndapsa ndi madzi otentha. Adokotala anali atandichenjeza kuti kufiirako ndi chizindikiro choti mankhwala akugwira ntchito, koma ndikudziwa anzathu amene anasiyira panjira chifukwa cha mantha. Ubwino wake ndi woti amafukula ngakhale timawanga timene maso sanayambe kuona, zimene kuumitsa sikungachite popeza kumalondola banga limodzilimodzi. Kwa munthu amene mikono yonse yakhakhala, ine ndimaona kuti kupaka kumaposa kuumitsa, koma afunika nthawi imene sakupita padzuwa.

Anamwino opuma ntchito, Chiputula

Onjezeraninso kuti mayi woyembekezera sayenera kupaka 5-fluorouracil, ndipo mankhwalawa asungidwe kutali ndi ana komanso agalu, chifukwa galu akatafuna chubu chake amatha kufa. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kubwerekana mankhwalawa kapena kuitanitsa kwa achibale a ku Joni popanda kuyezetsa, chifukwa amatha kupoletsa pamwamba pa khansa yozama n'kuibisa kwa miyezi yambiri.

Wophunzira za unamwino, Ching'ambo

Adokotala, m'mabuku athu amatchula opaleshoni ya Mohs kuti ndi imene imayenera pankhope ndi pakhutu. Kodi sikungakhale bwino kuti banjali lisonkhe ndalama wodwalayu akachitidwe imeneyo kunja?

Adokotala a za khungu, Katoto

Mabukuwo sakunama. Njirayi anaiyambitsa Frederic Mohs ku yunivesite ya Wisconsin ku America m'zaka za m'ma 1930. Dokotala amadula kagawo kopyapyala, n'kukayeza nthawi yomweyo wodwala akudikira, ndipo amabwerera kukadulanso mbali yokhayo imene khansa yatsalira, mpaka m'mphepete monse mutayera. Imapulumutsa khungu labwino, ndipo khansa sibwerera kawirikawiri. Koma imafuna labotale yoyandikana ndi chipinda cha opaleshoni, makina oumitsira ndi kudula tizidutswa mopyapyala, komanso anthu ophunzitsidwa mwapadera. Banja likayamba kusonkha ndalama, kufunafuna pasipoti ndi kudikira tsiku kunja, miyezi itatu kapena inayi idutsa, ndipo khansa ya pakhutu siima kudikira pasipoti. Kudula wamba kochitika mwezi uno, kotsatiridwa ndi kuyeza m'mphepete, kumuthandiza kwambiri kuposa Mohs wa chaka chamawa.

Aphunzitsi, Zolozolo

Za mankhwala opaka ndamva ndipo ndakhutira. Za malume anga ndiziganizirabe, chifukwa zimene munthu unakula nazo sizichoka ndi uthenga umodzi. Koma nanga kuwotcha ndi makina kuja kumene akuti radiotherapy? Tinamva kuti tsopano kukuchitika m'dziko momwe muno, ndipo kumeneko kulibe mpeni.

Adokotala a za khungu, Katoto

N'zoona kuti kwa zaka zambiri odwala athu ankatumizidwa kunja chifukwa cha makina amenewa, ndipo afika posachedwapa, ku Blantyre mu 2024 ndi ku Lilongwe pambuyo pake. Radiotherapy imachizadi khansa ya pakhungu yaing'ono, koma taonani zimene imafuna. Wodwala amapita pamakina tsiku ndi tsiku, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata angapo. Kuchokera ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350, ndiye kuti munthu asamuke ndi womudikirira, apeze pogona ndi chakudya, munda utsale wokha. Opaleshoni ya kachilonda kotere sitenga ola lathunthu.

Chifukwa chachikulu komabe ndi msinkhu wake. Khungu lowotchedwa limasintha pakapita zaka, limapyapyala, limachedwa kupola likavulala, ndipo pamalo omwewo sitikonda kuwotchanso kachiwiri. Munthu wachialubino wachinyamata adzakumananso ndi zilonda zina pafupi pomwepo m'moyo wake, choncho si nzeru kuwonongeratu chida chimenechi pa chilonda chimene mpeni ukanachotsa. Timachisungira okalamba amene sangapirire opaleshoni, zotupa zimene zili pamalo ovuta kudula, kapena pambuyo pa opaleshoni ngati labotale yapeza kuti khansa yatsatira mtsempha kapena yatsala pamalo pamene sitingadulenso.

Mayi a Chikondi, Mchengautuwa

Ndakhala ndikungowerenga, koma nkhaniyi yandichititsa mantha pa za mayi anga. Iwo si achialubino, ndi akuda ngati ine, koma kuphazi kwawo, pansi pamene amapondera, pali banga lakuda kwambiri limene chaka chatha linali laling'ono, pano lakula ndipo m'mphepete mwake simolongosoka. Sakumva kuwawa. Munthu wina anawauza kuti ndi njerewere, akaumitse kapena apake mankhwala a zitsamba owotcha. Kodi pa ameneyu mwa njira zimene mwatchulazi yoyenera ndi iti?

Adokotala a za khungu, Katoto

Mayi a Chikondi, chonde asaumitse, asawotche, ndipo asapake chilichonse. Pitani nawo ku Mzuzu Central Hospital sabata ino, ndipo mukanene momveka kuti bangalo likukula. Sindinganene matenda a munthu amene sindinamuone, koma banga lakuda lomakula pansi pa phazi timaliganizira melanoma kufikira labotale itakana. Mwa anthu akuda melanoma imakonda malo amenewo, pansi pa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, ndipo kusawawa kwake n'kumene kumachedwetsa anthu.

Pa melanoma palibe mpikisano wa njira ngati umene takambirana pamwambapa. Imadulidwa, ndipo labotale imayeza kuzama kwake m'mamilimita, muyezo umene umatchedwa Breslow. Ikakhala yosapitirira milimita imodzi, amadulanso sentimita imodzi kuzungulira chipseracho, ndipo ambiri otere amachira. Ikapitirira mamilimita awiri, amadula masentimita awiri ndipo anabere amafunika kuunikidwa bwino. Munthu akaliwotcha bangalo ndi zitsamba amawononga muyezo umenewu, madokotala n'kusowa poyambira. Palinso Kaposi sarcoma, imene ndi yofala kuno kwathu makamaka mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, ndipo imatulutsa mawanga akuda kapena ofiirira kumiyendo. Chithandizo chake n'china kotheratu, ma ARV ngati munthu ali ndi HIV, ndi kemo ngati yafalikira. Maso okha amatha kusokoneza matenda awiriwa, n'chifukwa chake kachidutswa kayenera kupita ku labotale.

Bambo a Yamikani, Luwinga

Ndibwerere kwa mlongo wa Mayi a Tadala, pa zimene zidzatsate akadzadulidwa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tilipo anthu achialubino 134,636, ndipo chimene chikutimaliza mwakachetechete ndi dzuwa. Ife a kuno kumpoto timanyengeka ndi nyengo. Mzuzu ndi yozizira, kumakhala mitambo ndi mvula yowaza, ndiye munthu amavula chipewa poganiza kuti kulibe dzuwa. Komatu tili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo cheza chimene chimapsereza khungu chimakhala champhamvu kumtunda, komanso chimadutsa m'mitambo yopyapyala. Kapu ya mpira siphimba makutu, ndipo n'chifukwa chake zilonda zambiri za anzathu aamuna zimayambira pakhutu ndi kuseri kwa khosi. Afunika chipewa cha khonde lozungulira, malaya a manja aatali, ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 opakidwa mobwereza, makamaka akatuluka thukuta. Kumunda azipita mbandakucha n'kuweruka dzuwa lisanakwere. Alembetsenso ku APAM, bungwe la anthu achialubino m'Malawi muno, kuti azimva masiku amene a zakhungu akuyendera dera lake, chifukwa amene wadwalapo kamodzi amayenera kuunikidwa thupi lonse pafupipafupi, osadikira chilonda china.

Mayi a Tadala, Chibavi

Zikomo nonse. Ndinamuimbira foni dzulo madzulo ndipo ndinamuwerengera mauthenga anu, makamaka a Bambo a Yamikani, chifukwa mawu a munthu wonga iye amawamva kuposa anga. Atamva kuti sadzagonekedwa tulo komanso kuti khutu silichoka lonse, wavomera. Koma wabwera ndi nkhani ina. Akuti adikire akolole kaye soya n'kugulitsa, ndiye kuti miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa akuopa kuti akadulidwa pano ntchito ya kumunda iima. Adokotala, kodi zimenezi n'zotheka?

Adokotala a za khungu, Katoto

Ayi, Mayi a Tadala, miyezi itatu ndi yambiri pa khutu. Squamous cell carcinoma ikadutsa masentimita awiri m'lifupi imalowa m'gulu la zoopsa kwambiri, ndipo chilonda chimene chikutuluka kale magazi chimatha kufika pamenepo m'nyengo imodzi yokolola. Atenge tsiku loyandikira limene achipatala angamupatse. Ntchito sidzaima nthawi yaitali monga akuganizira. Ulusi umachotsedwa pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndipo m'masiku amenewo apewe fumbi, thukuta lambiri ndi kusenza katundu mbali ya khutulo, komanso azigonera mbali inayo. Ngati amasuta fodya asiye, chifukwa fodya amachedwetsa kupola. Timawanga ta pamikono akhoza kuumitsa tsiku lomwelo, koma ngati angasankhe Efudix, ameneyo ndiye akhoza kudikira akamaliza kukolola, popeza safuna dzuwa.

Chinthu china chimene mabanja ambiri amaiwala ndi kubwerera kukatenga zotsatira za chidutswa chodulidwacho. Zimatha kutenga masabata angapo, ndipo bala likapola anthu amaganiza kuti nkhani yatha. Mukafunse mafunso awiri: kodi m'mphepete ndi pansi mwayera, ndipo kodi khansayo inazama bwanji. Akanena kuti mbali ina yatsalira, adulidwenso msanga osazengereza.

Aphunzitsi, Zolozolo

Mayi a Tadala, pa za soya musade nkhawa kwambiri. Ndili ndi achibale cha ku Ekwendeni komweko amene amagwira maganyu okolola, ndipo ndikutumizirani nambala yawo kumbali. Adokotala, ndifunseko komaliza: akadzabwera ku Mzuzu tsiku la opaleshoniyo, adye m'mawa kapena abwere ndi njala?

Adokotala a za khungu, Katoto

Ngati ndi jakisoni wa dzanzi wa pamalopo, kawirikawiri munthu amadya kadzutsa wake monga mwa masiku onse, koma atsatire zimene amuuze amene adzamudule. Abweretse buku lake la kuchipatala ndi pepala la zotsatira zoyamba zija, ndipo ngati amamwa aspirin kapena mankhwala ena alionse, kuphatikizapo a zitsamba, akanene asanayambe.